Momwe mungafufuzire zimene phungu wanu wakhala akuchita ku Nyumba ya Malamulo

Nkhani ya phungu ikabuka pagulu, anthu amathamangira kuwerenga milatho ndi mijigo. Wina amaponyapo kuti "ameneyo amangokagona m'Nyumbamo," koma mukamufunsa kumene anazitenga, amati anamva kwa mnzake. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Ntchito imene malamulo anapatsa phungu ndi yopanga malamulo, kuvomereza bajeti ndi kulondoloza boma, ndipo zonsezi zimalembedwa. Amene ali ndi foni, bandulo ya intaneti ndi kope lolembamo atha kuzipeza yekha.

Yambani ndi njira imene anadzera

Patsamba loyamba la kopelo lembani zaka zonse zimene munthuyu anaimapo pachisankho, chipani chimene anaimira ndi mavoti amene anapeza. Zotsatirazi amasunga ndi a bungwe loyendetsa zisankho la MEC, ndipo nyuzipepala zimazisindikiza chisankho chikangotha. Musaiwale kulembanso mavoti a amene anamutsatira. Phungu amapambana akangoposa anzake, ngakhale ndi voti imodzi, chifukwa lamulo loti wopambana apeze mavoti oposa theka limakhudza mtsogoleri wa dziko yekha. Choncho atha kukhala pampando anthu ambiri a m'dera lake atavotera ena.

Chenjerani ndi mayina a madera. Kufikira chisankho cha 2019 madera anali 193, koma pachisankho cha pa 16 September 2025 anafika 229 malire atadulidwanso. Ngati mukufufuza phungu wakale, dera limene ankaimira kalelo mwina lili ndi dzina lina lero.

Kenaka onani ngati anasinthapo chipani, ndipo chachikulu apa ndi tsiku limene anasinthira. Gawo 65 la malamulo aakulu a dziko limapatsa sipikala mphamvu zolengeza kuti mpando ulibe mwini ngati phungu wachoka m'chipani chimene anasankhidwira n'kulowa china chomwe chili m'Nyumbamo. Gawoli linavutitsa kwambiri Bingu wa Mutharika atachoka mu UDF n'kuyambitsa DPP mu 2005, mpaka khoti la Supreme linagamula mu 2007 kuti ndi lovomerezeka. Komabe mu April 2012, Bingu atamwalira ndipo Joyce Banda atatenga utsogoleri, aphungu ambiri anakhamukira kuchipani chake cha PP masabata ochepa okha. Ndiye ikani tsiku limene phungu wanu anasamuka pambali pa tsiku limene boma linasintha. Masiku awiriwo akayandikana kwambiri, mwadziwa kanthu za iye.

Tsegulani Hansard

Apa ndi pamene pali ntchito yambiri, ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha. Hansard ndi buku limene amalembamo mawu onse oyankhulidwa m'Nyumba ya Malamulo tsiku lililonse la zokambirana. Dzinali ndi la banja la osindikiza mabuku a ku London amene ankasindikiza zokambirana za nyumba ya malamulo ya ku Britain m'zaka za m'ma 1800. Yathu ili m'Chingerezi, chifukwa gawo 51 limafuna kuti phungu azitha kuyankhula ndi kuwerenga Chingerezi mokwanira kuti atenge nawo mbali pazokambirana. Ine ndimaona kuti zimenezi zimatsekera kunja anthu ambiri amene anamutumako, koma imeneyo ndi nkhani ina. Ngati Chingerezi chimakuvutani, pezani wina muwerengere limodzi.

Yang'anani kaye patsamba la intaneti la Nyumba ya Malamulo. Masiku amene simunawapeze pamenepo mutha kuwafunsa kulaibulale ya Nyumbayi ku Lilongwe. Mukatsegula failo, musavutike kuwerenga kuyambira pachikuto. Gwiritsani ntchito malo osakira mawu, mulembemo dzina la phunguyo, kenaka mulembenso dzina la dera lake, pakuti m'Nyumbamo aphungu amatchulana ndi madera awo. Nthawi ina ndinatsutsana ndi mbale wanga usiku wonse, ine ndikukakamira kuti phungu wina sanatsegulepo pakamwa chaka chathunthu. Ndinali nditasaka dzina lokha, komanso ndinalilemba molakwika chilembo chimodzi. Titasaka dera, tinamupeza atafunsa nduna mafunso angapo, ndipo ndinachita manyazi.

Zimene mwapeza muzigawe pawiri. Mbali imodzi ikani zopempha chitukuko, monga kufunsa nduna kuti msewu wakutiwakuti udzakonzedwa liti. Mafunso oterewa ndi ochuluka ndipo alibe vuto, koma sakuuzani maganizo a munthu. Mbali inayo ikani zimene ananena pokambirana mabilu, bajeti, ngongole za boma ndi uthenga wa mtsogoleri wa dziko potsekulira Nyumba. Pamenepo ndi pamene mungamve ngati amafuna misonkho ikwere kapena itsike, ngati amaikira kumbuyo ndondomeko ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo, ngati amaona kuti makhonsolo apatsidwe mphamvu zambiri. Lembani tsiku ndi mawu ake enieni. Patapita zaka ziwiri mudzaone ngati akunenabe zomwezo, makamaka akachoka kumbali yotsutsa n'kukakhala kumbali ya boma.

Kusapezeka kwa dzina sikutanthauza ulesi nthawi zonse. Sipikala satenga nawo mbali pamtsutso. Phungu amene ndi nduna amayankha mafunso, safunsa. Ndipo wina atha kuimirira kambirimbiri sipikala osamuloza. Apa makanema a zokambirana amene Nyumbayi imaonetsa pa Facebook amathandiza, chifukwa mumaona ndi maso mipando imene ili yopanda anthu.

Nanga anavota bwanji?

Ambiri amakhumudwa akafika apa. Nkhani zochuluka m'Nyumbamo zimadutsa ndi mawu apakamwa: sipikala amafunsa ovomereza kuti ayankhe, kenaka okana, n'kugamula mbali imene yamveka kwambiri. Palibe amene amalemba kuti uje anati inde, uje anati ayi. Choncho wina akakuuzani motsimikiza kuti phungu wanu anavotera lamulo lakutilakuti, mufunseni ngati tsikulo mayina anaitanidwa.

Mayina amaitanidwa aphungu akatsutsa chigamulo cha sipikala n'kupempha kuti mavoti awerengedwe, zimene m'Nyumbamo amazitcha division. Aliyense amayankha payekha, ndipo Hansard ya tsikulo ndiyo muisake. Mavoti amayeneranso kuwerengedwa posintha malamulo aakulu a dziko, chifukwa pamafunika magawo awiri mwa atatu a aphungu onse. Masiku oterewa ndi ochepa, koma ndi amene amaonetsa mtima wa munthu. Mu July 2002 bilu yochotsa malire a materemu a mtsogoleri wa dziko, nthawi ya Bakili Muluzi, inagwa itaperewera mavoti atatu okha. Mu February 2017 aphungu anasintha malamulo aakulu kuti aliyense wosakwana zaka 18 aziwerengedwa kuti ndi mwana, zomwe zinatseka mpata wa maukwati a ana. Mu December chaka chomwecho anakana bilu yofuna kuti mtsogoleri wa dziko azipambana ndi mavoti oposa theka, lamulo lomwe linadzabwera pambuyo pake. Ngati phungu wanu analimo m'zaka zimenezo, yambirani pamasiku amenewa.

Mukapeza voti, musathamangire kuweruza. Onani kaye kuti funso linali lotani. Bilu imawerengedwa koyamba, imakambidwa pakuwerenga kwachiwiri, imaunikidwa ndime ndi ndime, kenaka imawerengedwa kachitatu isanapite kwa mtsogoleri wa dziko kuti akasainire. Phungu atha kukana ndime imodzi koma n'kuvomereza bilu yonse. Atha kuvotera kuti ibwerere kukomiti pofuna kuikonza, kapena pofuna kuipha mwakachetechete, ndipo zimene anayankhula tsikulo ndi zimene zingakuuzeni cholinga chake. Onaninso mmene anzake a m'chipani anavotera. Zipani zimagwirizaniratu kuseri, ndipo pali akuluakulu oonetsetsa kuti aliyense watsata. Voti yofanana ndi ya chipani chonse sinena zambiri za munthu. Imene wasiyana ndi anzake ndiyo muilembe ndi zilembo zikuluzikulu. Chimodzimodzinso kujomba: amene amapezeka masiku onse koma n'kusowa tsiku la voti yovuta, nayenso wasankha mbali.

Makomiti ndi katundu wake

Fufuzani komiti imene amakhalamo. Malamulo aakulu amatchula makomiti a bajeti, a zamalamulo, a zachitetezo ndi younika anthu osankhidwa m'maudindo a boma, ndipo palinso ena monga yolondoloza momwe ndalama za boma zagwirira ntchito. Aphungu ena ofatsa m'Nyumbamo amakhala akambuku kukomiti, ndipo malipoti a makomitiwa amaperekedwa m'Nyumba. Onaninso ngati anabweretsapo bilu kapena mfundo yakeyake monga phungu wamba.

Za chuma chake, lamulo la 2013 limakakamiza aphungu kulembetsa katundu, ngongole ndi mabizinesi awo kuofesi ya mkulu woona za katundu wa ogwira ntchito zaboma, ndipo munthu atha kupempha kuti aone zimene analembetsazo. Izi zimathandiza mukaona phungu akulimbikira kwambiri lamulo lokhudza malonda ena ake.

Akakukanizani chikalata

Gawo 64 la malamulo aakulu a dziko, limene linkalola anthu kuchotsa phungu nthawi yake isanathe, linafafanizidwa mu 1995, choncho zimene mwasonkhanitsazi zidzagwira ntchito pamsonkhano wake wa kudera, pachisankho chachipulula ndi tsiku loponya voti. Pamsonkhanopo funso lokhala ndi tsiku ndi dzina la bilu ndi lovuta kulizemba.

Ngati chikalata china chikusowa, lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga kumaofesi a boma linayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020. Lembani kalata kwa mlembi wamkulu wa Nyumba ya Malamulo. Musalembe kuti mukufuna "zonse zokhudza phungu wathu," chifukwa pempho lotero ndi losavuta kuliika pambali. Tchulani chikalata chenicheni, monga Hansard ya tsiku lakuti, mndandanda wa mavoti pa bilu yakuti, kapena kaundula wa aphungu amene anapezeka pamkumano wakuti. Sungani kope ya kalatayo, ndipo amene wailandira adindepo chidindo chokhala ndi tsiku. Mukadikira osayankhidwa, kapena akakukanizani popanda chifukwa chomveka, tengani kope yodindidwayo mupite nayo kubungwe loona za ufulu wa anthu la Malawi Human Rights Commission, limene linapatsidwa udindo woyang'anira lamuloli.