Momwe ndinathetsera kuwawa kwa bondo pokwera masitepe

Bondo langa lakumanja linkawawa ndikamakwera masitepe, komanso ndikamadzuka pampando nditakhalitsa. Gwero la vutoli linali m'chiuno.

Nditaima pagalasi ndi mwendo umodzi n'kuupinda pang'ono, ndinaona bondo likupendekera m'kati, chiuno chikugwera mbali inayo. Mnofu umene umagwira chiuno kuti chisapendekeke munthu akaima ndi mwendo umodzi uli m'mbali mwa thako, dzina lake gluteus medius. Ukafooka, bondo ndi limene limavutika. Kukhala pampando tsiku lonse kumakungitsanso minofu ya kutsogolo kwa chiuno, ija imanyamula ntchafu tikamaponya mwendo.

Ndinayamba ndi kugona cham'mbali n'kumakweza mwendo wapamwamba pang'onopang'ono, chidendene chili chakumbuyo. Apa m'pofunika kusamala kwambiri. Mukalola chiuno kugubudukira kumbuyo, minofu ina imalanda ntchitoyo ndipo thukuta lanu limangopita pachabe. Ikani dzanja m'mbali mwa thako, mumve kuti pakutentha ndi pomwepo. Ndinawonjezera kugona chagada, mawondo opinda, n'kumanyamula matako. Kenako kugwada ndi bondo limodzi n'kukankhira chiuno kutsogolo kwa masekondi 30, mbali iliyonse.

Chimene ndikuona kuti chinandithandiza koposa n'kudzuka pampando osagwirira, bondo litaloza chala chachiwiri cha phazi. Patapita milungu ingapo ululu unazilala, moti pano masitepe ndimakwera osagwira chitsulo cham'mbali.

Koma bondo likatupa, likamakana kuongoka, kapena mwendo ukachita dzanzi, yambani mwapita kuchipatala musanachite zonsezi.