Kukonza ukwati wakumudzi osalowa m'ngongole

Mabanja ambiri amene amatsala ndi ngongole ukwati ukatha amakhala atagula zinthu poyembekezera kuti perekaniperekani adzabweza. Perekaniperekani sapanganika. Kukagwa maliro m'mudzi woyandikana, kapena kukakhala ukwati wina Loweruka lomwelo, anthu amene mumawadalira sabwera. Choncho bajeti yonse muyiyike pa ndalama zimene zili kale m'manja ndi katundu amene achibale abweretsa n'kuoneka ndi maso. Zoponyedwa m'lichero zikhale zoyambira banja.

Tsiku lisankhidwe potsatira nyengo. Kuyambira Novembala mpaka Epulo ndi mvula, misewu yafumbi imaterera ndipo chimanga chimakwera mtengo. Juni ndi Julayi kumazizira, ndipo kumadera a Thyolo, Mulanje ndi Blantyre chiperoni chitha kunyowetsa anthu tsiku lonse. Okutobala kumatentha moti chakudya chophikidwa m'mawa chimasasa pofika masana. Ogasiti ndi Seputembala ndiye miyezi yabwino: nkhokwe zikadali ndi chakudya, udzu wofolerera wauma, ndipo ambiri agulitsa kale mbewu zawo. Koma miyezi imeneyi ili ndi maukwati ambiri, ndiye kaonaneni ndi abusa kapena ansembe kukadali miyezi 6. Mipingo yambiri imalengeza ukwati Masabata atatu otsatizana, ndipo imafuna kuti ankhoswe a mbali zonse akhale atagwirizana kale. Malamulo a dziko lino salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18. Amfumu nawonso adziwitsidwe msanga kudzera kwa ankhoswe, chifukwa bwalo ndi lawo, ndipo kukagwa zovuta m'mudzi ndi iwo angagamule ngati zoimbira zilire.

Chinkhoswe musachisandutse ukwati woyamba. Chofunika pamwambowu ndi ankhoswe, achibale apafupi, kusinthana tambala ndi thadzi, ndi mphatso monga khasu, nkhwangwa, mphasa, lichero, mthiko ndi chipande. Anthu 40 pakhonde la amalume akwanira. Mukachita chinkhoswe cha m'holo, kenako bridal shower, kenako send-off, mukupempha ndalama kwa anthu omwewo katatu ukwati usanafike, ndipo pa tsiku lenileni amabwera m'matumba muli mbee.

Komiti ikhale yochepa, anthu 8 kapena 10 ochokera kuchimuna ndi kuchikazi, aliyense ndi ntchito yake yodziwika. Msungichuma asakhale mkwati kapena mkwatibwi. Akhale ndi kope lolembamo chilichonse cholowa ndi chotuluka, ngakhale nkhuku imodzi, ndi nambala imodzi ya Airtel Money kapena Mpamba yolandirira thandizo la achibale a m'tauni ndi a ku Joni. Ikani tsiku lotsekera malonjezo, kutatsala mwezi wathunthu. Chimene sichinafike pa tsikulo chichotsedwe pa bajeti.

Chakudya ndicho chimadya ndalama zambiri, ndiponso ndi chimene anthu amakakamba kunyumba. Kumudzi khadi siliwerengedwa. Mukaitana anthu 150, phikirani 300, chifukwa ana, anansi ndi odutsa m'njira adzakhala pansi kudikira mbale, ndipo kuwabweza n'kunyozetsa banja. Pa anthu 300, thumba limodzi la mpunga la makilogalamu 50 limakwana ngati ogawa ali ndi dzanja lofanana, kilogalamu imodzi kudyetsa anthu 6 kapena 7. Mpunga wa Kilombero ndi wonunkhira koma wodula. Faya kapena wina wa m'dera lanu, wopetedwa bwino n'kuchotsa timiyala, ukwanira. Nsima isasowe, akuluakulu ambiri mpunga sauyesa chakudya. Thumba la chimanga la makilogalamu 50 likakonoledwa limatulutsa ufa woyera wa makilogalamu 30 mpaka 35, wokwana anthu oposa 150.

Mbuzi yachikuda yapakatikati ikasendedwa imatsala makilogalamu 10 mpaka 12, ndipo imadyetsa anthu 70 kapena 80 ikadulidwa nthuli zofanana. Mbuzi 3 ndi nkhuku 15 zikwana, nkhuku iliyonse nthuli 8, zopita kwa ankhoswe, azibusa, mafumu ndi alendo ochokera kutali. Onjezani nyemba makilogalamu 15, kabichi wamkulu 20 kapena 25, mafuta ophikira malita 15, tomato madengu awiri, anyezi ndi mchere. Nyemba ndi zimene zimakupulumutsani nyama ikatha msanga.

Chimanga, nyemba ndi mpunga gulani mu Meyi kapena Juni mitengo ili pansi, muthire mankhwala kapena musunge m'matumba osalowa mpweya a PICS kuti anankafumbwe asalowe. Nkhuku muziwete nokha, koma zilandire katemera wa chitopa, wodonthezera m'diso uja, kwa alangizi a ziweto. Chitopa chimakonda miyezi yotentha yomweyi ndipo chimatha khola lonse sabata imodzi.

Mpunga wambiri umavuta kuphika. Mumphika umodzi musapitirire makilogalamu 10. Mukadzaza mgolo wodula pakati, pansi pamapserera pamwamba pasanapse. Madzi akangouma chotsani nkhuni zoyaka, musiye makala pansi, ena muwaike pa chivundikiro. Mbuzi iphedwe Lachisanu madzulo n'kuwiritsidwa ndi mchere usiku womwewo, zam'mimba ziphikidwe padera chifukwa ndi zimene zimayamba kununkha. Pogawa, musalole kuti aliyense adzitengere. Amayi 4 ogawa, aliyense ndi chipande chake, ndi mayi mmodzi wolimba mtima woyang'anira nkhuni, mafuta ndi nyama kukhitchini, chifukwa ndiwo zambiri zimathera m'timapoto topita kumakomo mwambo usanayambe.

Zakumwa za m'mabotolo zikhale za patebulo la akwati basi. Ena onse thobwa. Ndowa ya malita 20 imatulutsa makapu pafupifupi 60, ndiye ndowa 5 kapena 6 zikwana. Chimera chiyambidwe kutatsala masabata awiri: viikani mawere kapena chimanga tsiku limodzi, fundikani ndi masamba a nthochi masiku 3 kapena 4 mpaka zitamera, yanikani ziume gwa, kenako kuchigayo. Ngati ukwati uli Loweruka, phala liphikidwe Lachinayi madzulo. Lisiyeni lizizire mpaka chala chitha kupirira musanathire chimera, pakuti phala lowira limapha mphamvu ya chimera ndipo thobwa silitsekemera. Ligone usiku, muliwiritsenso Lachisanu, shuga muthire Loweruka m'mawa. Mukafulumira ndi masiku awiri, mudzapatsa alendo a mpingo chinthu chowawasa chimene chayamba kusanduka mowa.

Thenti yobwereka imalipiritsa kawiri, yokhayo ndi galimoto yoinyamula. Chisakasa cha mamita 10 m'lifupi ndi 12 m'litali chimakwana anthu okhala pafupifupi 150, ena adzakhala pansi pa mitengo ya mango. Nsanamira za bulugama zitalikirane mamita 3, maenje akuya theka la mita, denga lokwera mamita awiri ndi theka, phaso la nsungwi, pamwamba udzu kapena mapesi. Anyamata a m'mudzi amamanga masiku awiri mukawaphikira. Miyezi imeneyi mphepo ya mwera imachokera kummwera chakum'mawa, ndiye tchingani mbali imeneyo ndi mikeka, ndipo mafuwa akhale mbali inayo, patali ndithu, kuti utsi usalowe m'maso mwa alendo ndiponso nthethe zisagwere pa udzu wouma. Bwalo lithiridwe madzi m'mawa ndi masana, apo ayi diresi loyera lidzafiira kuvina kukangoyamba.

Zokongoletsera zili kale m'nyumba za anthu. Zitenje za mtundu umodzi zokutira nsanamira, malichero atsopano opachika kumbuyo kwa akwati, mitsuko yadothi yokhala ndi maluwa a bougainvillea amene amachita bwino chilimwe, mphasa zoyala njira ya mkwatibwi. Mabenchi bwerekani kutchalitchi kapena kusukulu, muwawerenge potenga ndi pobweza.

Madzi amaiwalika kawirikawiri. Dzazani migolo 4 ya malita 200 Lachisanu, chifukwa Loweruka pamjigo padzakhala mzere wa mudzi wonse. Wina ukhale wa madzi akumwa othira Waterguard, wovundikira. Chimbudzi chimodzi sichingakwane anthu 300. Kumbani china chongoyembekezera, muike ndowa yampopi ndi sopo pakhomo pake ndi pamalo odyera.

Diresi ndi suti bwerekani, muyesere kutatsala masabata awiri kuti atelala apeze nthawi yobweza. Aperekezi akhale anayi kapena ochepera apo, adzigulire okha zovala. Chitenje cha yunifomu aliyense agule chake, komiti isapereke pangongole, ndalamazo sizibwera.

Woimba nyimbo mugwirizane naye polemba: afika nthawi yanji, abwera ndi jenereta kapena ayi, mafuta agula ndani. Muikepo malita 5 apadera, chifukwa jenereta ikazima pakati pa perekaniperekani anthu amabalalika osabweranso. Mulipire theka poyamba, theka pomaliza. Wotsogolera mwambo akhale wodziwa mayina a mabanja ndi midzi, woitana magulu mwadongosolo, kuyambira makolo, ankhoswe, mpingo, anzawo akuntchito, mpaka kugulitsa keke, zonse zithe dzuwa lisanalowe kuti akutali apeze matola. Pezeranitu ndalama zing'onozing'ono za K50, K100 ndi K200 zosinthira anthu, pakuti wogwira K2,000 imodzi amaponya kamodzi n'kukhala pansi, pamene akaisintha amavina nyimbo zingapo n'kutulutsanso ina. Patebulo la ndalama pakhale anthu 4, awiri akuchimuna ndi awiri akuchikazi, ndipo otola pansi akhale akuluakulu ovala chizindikiro, osati ana. Ndalama yosinthira ilembedwe mwambo usanayambe n'kuchotsedwa kaye powerengera, gulu lililonse likatha kuponya zake ziwerengedwe n'kulembedwa, ndipo usiku womwewo ziikidwe pafoni kapena zinyamulidwe ndi ankhoswe awiri, zisagone m'nyumba ya akwati.