Mmene mungafufuzire sitima ya mafuta musanasaine pangano

Mafuta ambiri amene timagwiritsa ntchito muno mu Harare amatsitsidwa padoko la Beira n'kubwera pa paipi yodzera ku Feruka mpaka ku Msasa, motero inu amene mumagwira ntchito m'makampani oitanitsa mafuta musaganize kuti za panyanja zili kutali nanu. Chiyambire Disembala 2022, pamene mayiko olemera a m'gulu la G7 anaika malire a mtengo a madola 60 pa mgolo wa mafuta a ku Russia, sitima zokalamba zimene zikanayenera kuphwasulidwa zakhala zikugulidwa kuti zizizemba zilango, ndipo banki ikangoona dzina la sitima yotere pa zikalata zanu, ikhoza kukana kutumiza ndalama.

Yambani ndi kufunsa nambala ya IMO, nambala yozindikiritsa sitima padziko lonse. Dzina la sitima limasinthidwa ndi penti, koma nambala imeneyi, ya manambala 7, imakhala yomweyo mpaka sitimayo itaphwasulidwa. Ilembeni pa Equasis, tsamba la pa intaneti losunga mbiri ya sitima, pomwe simulipira kanthu, muone chaka chimene inapangidwa, eni ake ndi mbendera zimene yakhala ikusintha, kenako muifufuze pa mndandanda wa zilango wa OFAC (ofesi ya boma la America yoona za zilango), wa European Union ndi wa Britain.

Pa mbendera m'pofunika kudekha. Ndime 91 ya pangano la United Nations la malamulo a panyanja (UNCLOS) la 1982 imafuna kuti pakhale ubale weniweni pakati pa sitima ndi dziko la mbendera yake, ndipo ndime 110 imalola sitima zankhondo kukwera sitima yopanda dziko. Zina zimakweza mbendera yabodza. Mu 2025 ngakhale ya Malawi, kwathu komwe, inagwiritsidwa ntchito mwachinyengo chotere. Sitima ikasintha mbendera katatu m'chaka chimodzi, ine sindingasaine.

Inshuwalansi musaikhulupirire pa pepala pokha. Pangano la CLC la 1992, lokhudza chipukuta misozi mafuta akatayikira m'nyanja, limalamula kuti sitima yonyamula mafuta olemera, monga osayengedwa, oposa matani 2,000 ikhale nayo, koma chikalata chikhoza kukhala chopeka, choncho tsimikizirani kwa kampani ya inshuwalansiyo, makamaka ngati siili m'gulu la mabungwe akuluakulu a inshuwalansi ya sitima la International Group of P&I Clubs. Kumbukirani Pablo, sitima ya mbendera ya Gabon yopangidwa mu 1997, imene inaphulika pafupi ndi Malaysia mu Meyi 2023.

Pemphaninso mbiri ya ulendo wonse ya AIS, chizindikiro chimene sitima imatumiza chosonyeza pamene ili. Ngati chizindikirocho chinazimitsidwa kwa masiku angapo, kapena sitimayo inaima pakati panyanja moyandikana ndi inzake, funsani mwakalata kumene mafutawo anapatsirana, ndipo yankho lisungidwe m'failo limodzi ndi bill of lading, chikalata cha katundu amene sitima yanyamula.