Boti la thanga likakutembenukirani m'madzi ozizira, chitani izi

Ine ndinakulira ku Nkhotakota, kusambira ndinakudziwa ndisanadziwe n'kulemba dzina langa komwe. Ndiye nditayamba kuyendetsa timaboti ta thanga totchedwa dinghy pa damu lina kuno ku England, nkhani yotembenuka sinkandiopsa m'pang'ono pomwe. Ndinaiwala kuti nyanja yathu ija madzi ake ndi ofunda, madigiri 24 kupita m'tsogolo. Kuno a RNLI, bungwe lopulumutsa anthu panyanja, amati madzi osafika madigiri 15 amabanikitsa munthu nthawi yomweyo, ndipo nyanja yozungulira Britain nthawi zambiri imakhala cha pa 12.

Yambani ndi zovala. Drysuit (suti yosalowa madzi) kapena wetsuit (suti ya labala yothina yosunga kutentha) yochindikala, pamwamba pake jekete yoyandamitsa ya 50N (ndiwo mlingo wa mphamvu yake yoyandamitsa) yomanga zolimba, isamakwere kukhosi mukagwera. Drysuit yatsopano ndi mapaundi mazanamazana, n'chifukwa chake ine ndinagula yakaunjika pa intaneti pa £60, kwa bambo wina amene analumbira kuti anaivala kawiri kokha. Labala wa pakhosi anali ndi timing'alu tosaoneka msanga. Inu pogula muziukoka labalayo n'kumuyang'ana poyera, wogulitsa akayamba kukufulumizitsani musiyireni katundu wake.

Tsopano mphindi yoyamba, pamene ine ndinatsala pang'ono kutsikira kulichete. Munali mu Epulo, dzuwa likuwala ngati kwathu. Mphepo inangobwera kamodzi n'kamodzi, thanga m'madzi khuvu, ine pambuyo pake. Thupi linadzikokera mpweya lokha mutu udakali pansi, ndipo ndinamwa. Povuuka ndinali wefuwefu, mtima ukugunda ngati ng'oma, madzi ozizira akutsikira kumsana kudzera pakhosi paja. Ndinafuna kuitana mnzanga koma mawu osatuluka. Kenako ndinachita zomwe mwana aliyense wa kunyanja angachite: ndinayamba kupalasa ndi mphamvu zonse, osadziwa n'komwe ndikulowera. Pomwe mutu unkabwerera m'malo, boti linali uko. Boti logona cham'mbali mphepo imalikankha msanga, munthu wovala jekete sangalipeze. Anandivuula ndi a boti la injini loyang'anira.

Choyenera kuchita n'chosiyana ndi zimene thupi likukuuzani. Gwirani chilichonse cha boti, chingwe kaya m'mphepete mwake, osachitaya. Ngati palibe chogwira, gonani chagada, mutu kumbuyo mpaka makutu alowe m'madzi, manja ndi miyendo mutambasule. Osasambira. Kubanikako kumatha pakangopita mphindi imodzi kapena kupitirira pang'ono. Ine masiku ano ndimawerenga mokweza, wani, thu, fili, mpaka mpweya ubwerere. Katswiri wa ku Canada, Gordon Giesbrecht, amaphunzitsa kuti 1-10-1: mphindi imodzi yoweta mpweya, mphindi ngati 10 zimene manja akadagwira ntchito, ndi ola limodzi munthu asanakomoke ndi chisanu. Mphindi 10 zimenezo si zambiri ayi. Zala zimachita dzanzi moti mfundo yomwe munamanga nokha imakukanikani kumasula.

Mpweya ukakhazikika, itanani mnzanu mpaka ayankhe, chifukwa mwina wakodwa m'zingwe kapena ali pansi pa thanga. Mukapezeka pansi pa thanga ndinu, likankheni m'mwamba ndi dzanja mupeze mpweya, n'kulondola mbali imodzi mpaka mutuluke. Kenako masulani chingwe cha thanga lalikulu pomwe chatsinidwa. Mukaiwala, boti likangodzuka lithawa lokha n'kukusiyani mukuliyang'ana.

Zodzutsa boti ambiri mukuzidziwa. Woyendetsa azungulire chakumbuyo atagwira nsonga ya chingwe cha thanga lalikulu, aone ngati chiwongolero chidakalipo, akafike pa centreboard, thabwa lotulukira kunsi lija. Mnzake amuponyere chingwe cha thanga laling'ono pamwamba pa boti, kenako mnzakeyo ayandame m'kati mwa botilo osakoka kanthu, kuti boti likamadzuka limutapire momwemo. Akamadzikoka kuti akwere, mlongoti umalowa pansi ndipo boti limavundikirika, ntchito yakula. Woyendetsa aponde pa thabwalo kufupi ndi boti, osati kunsonga, lingathyoke ndipo si lotchipa, kenako atsamire kumbuyo.

Mukayesa kawiri katatu osatheka, lekani. Kwerani pamwamba pa boti muchotse thupi m'madzi, poti madzi amalanda kutentha kwa thupi mofulumira pafupifupi ka 25 kuposa mpweya. Kumtunda kumaoneka pafupi, koma musapusitsike n'kusambira: opulumutsa amaona boti msanga kuposa mutu wa munthu. Imbani wezulo. Ngati foni ili m'kathumba kosalowa madzi, 999, panyanja yamchere mufunse a Coastguard, oyang'anira ntchito yopulumutsa anthu panyanja. Pa wailesi ya VHF ndi tchanelo 16.

Kumtunda, vulani zonyowa, fundani, tiyi wa shuga wambiri. Mowa ayi. Wozizidwa kwambiri musamutikite kapena kumuimiritsa msanga, agone, ndipo ngati akuyankhula zosamveka kapena wasiya kunjenjemera chikhalirecho ali wozizira, itanani ambulansi.

Labala wa pakhosi uja ndinakasinthitsa sabata yotsatira. Ananditchaja pafupifupi theka la ndalama yomwe ndinagulira suti yonseyo.