Mafuta oyeretsa khungu: zili mkatimo ndi momwe mungawasiyire

Amayi ndi atsikana anzanga, ndikamayenda m'midzi ndi m'misika pantchito ya zaumoyo, ndimaona timabotolo topanda dzina tikugulitsidwa pambali pa sopo ndi mafuta odzola. Wogulitsa amati wasakaniza yekha, ndipo m'masabata awiri mudzayera. Ndikupempha kuti timvetsetse chomwe chimasakanizidwa mmenemo.

Nthawi zambiri mumakhala chimodzi mwa zinthu zitatu. Choyamba ndi mercury, chitsulo chamadzi chomwe chimalowa m'thupi kudzera pakhungu n'kukaononga impso ndi mitsempha ya ubongo. Mayi woyembekezera kapena woyamwitsa akadzola, mwananso amalandira gawo lake. N'chifukwa chake mayiko anagwirizana pa pangano la Minamata m'chaka cha 2013 kuti achepetse mercury, ndipo mu 2023 anavomerezana kuti pofika 2025 asapezekenso m'zodzola zilizonse. Chachiwiri ndi mankhwala oyeretsa khungu otchedwa hydroquinone, omwe South Africa inaletsa m'zodzola kalekale mu 1990 itaona amayi ambiri akutuluka mawanga akuda osachoka m'masaya. Chachitatu, chomwe chimandidetsa nkhawa koposa, ndi mankhwala a steroid monga clobetasol ndi betamethasone.

Awa ndi mankhwala enieni a kuchipatala, opatsidwa kwa masiku owerengeka pa matenda ena a pakhungu. Munthu akamadzola thupi lonse miyezi ndi miyezi, khungu limapyapyala mpaka timitsempha kuoneka. M'ntchafu ndi m'manja mumatuluka mikwingwirima yofiira yosatha. Chilonda chaching'ono chimachedwa kupola, ndipo mayi akafunika opaleshoni pobereka, khungu lotere limavuta kusoka. Zipere zimafalikira, ziphuphu zimachuluka. Mankhwalawa akalowa m'magazi amatha kukweza BP ndi shuga. Ndiye munthu amayenda m'zipatala ndi mutu wosatha osadziwa kuti gwero lake lili m'kabotolo ka pawindo.

Kuda kwa khungu lathu kumachokera ku melanin, chishango chomwe thupi limapanga kuti dzuwa lisatiwotche. Mafutawa amatseka ntchito imeneyi. Taganizirani mayi amene amapalira chimanga mu Disembala kapena kugulitsa tomato pamsika tsiku lonse, chishango chija atachichotsa.

Tsono ngati mwakhala mukudzola, musachite manyazi, ndipo musataye kabotoloko lero lomwe musanaonane ndi achipatala. Pamene pali steroid, kusiya mwadzidzidzi kumayambitsa kuyabwa, kufiira ndi kutentha nkhope, ndipo ambiri amabwereranso ku mafuta omwe aja poganiza kuti ndiwo mankhwala ake. Tengani botololo kapena chubu chake, pitani nacho kuchipatala, auzeni kuti mwadzola kwa nthawi yaitali bwanji komanso mbali ziti za thupi. Iwo adzakuuzani ngati muyenera kuchepetsa pang'onopang'ono, ndipo apempheni akuyezeni BP, shuga ndi mkodzo. Woyembekezera asadikire, anene pasikelo yotsatira.

Mukasiya, khungu lidzayamba kuda, mwina kuposa kale kwa kanthawi. Apa ndi pomwe ambiri amagonja. Pirirani. Sambani ndi sopo wamba, dzolani mafuta wamba monga Vaseline kapena glycerine, valani chipewa kapena fundani mpango padzuwa, ndipo musakhule nkhope ndi mwala kapena mandimu. Pogula chodzola, werengani pachikutopo; chopanda dzina la zomwe zili mkati chisiyeni.

Ndili ndi mawu kwa abambo ndi anyamata. Mtsikana sadzuka yekha n'kudana ndi khungu lake. Amamva mukutama woyera pa Facebook, amamva azakhali akunena kuti mwana uyu ndi wakuda ngati makala, kenako mawa lake inu nomwe mumamuseka kuti nkhope ya Fanta miyendo ya Coca-Cola. Ndakhalapo pansi ndi mayi wina amene analira pondiuza kuti anayamba kudzola mwamuna wake atamuyerekeza ndi mkazi wina. Tinapita limodzi kuchipatala, mwamunayo ndinakamuona padera, ndipo sabata yotsatira ndi iye amene anamuperekeza kukayezetsa mkodzo.