Kajambulidwe ka Aurora ndi Thambo la Usiku

Aurora ndi kuwala komwe kumaoneka m'mwamba pamene tizinthu ta mphamvu ya magetsi tochokera ku dzuwa tawombana ndi mpweya wa okosijeni ndi nayitirojeni, pamtunda wa makilomita 100 kapena kuposerapo. Mphamvu ya maginito ya dziko imakokera tizinthuti kumalekezero a kumpoto ndi kumwera, n'chifukwa chake ojambula amalowera ku Tromsø ku Norway, ku Abisko ku Sweden, ku Iceland kapena ku Fairbanks ku Alaska, kuyambira kumapeto kwa Seputembala mpaka Malichi, pamene usiku umatalika. Mwa apo ndi apo kuwalaku kumafalikira kutali, monga zinachitikira usiku wa pa 10 Meyi 2024 pamene kunaoneka m'madera ambiri a Britain, koma wofuna chithunzi chabwino sangadalire mwayi wotere.

Musananyamuke, onani zolosera ziwiri, za mitambo ndi za mlingo wa Kp, womwe umayambira pa 0 kufika pa 9 ndipo umasonyeza kuchuluka kwa chipwirikiti cha maginito. Bungwe la NOAA la ku America limaufalitsa pa intaneti. Ku Tromsø ngakhale Kp 2 kapena 3 ndi yokwanira, koma mitambo ikaphimba palibe chomwe mungaone, choncho za mitambo ndizo zofunika kwambiri. Tulukani kunja kwa tauni, kutali ndi magetsi a mumsewu.

Mufunika kamera yolola kusintha zonse pamanja, lenzi yoona malo aakulu ya mamilimita 14 mpaka 24, ndi tripod (choikapo kamera cha miyendo itatu) yolimba yosagwedezeka ndi mphepo. Ikani kamera pa M (posinthira zonse pamanja), tsegulani kabowo kolowetsa kuwala ka lenzi mpaka f/2.8 kapena pomwe kamathera, ISO (mlingo wa momwe kamera imawalitsira chithunzi) ikhale pakati pa 1600 ndi 3200, ndipo jambulani mu RAW (mtundu wa fayilo wosunga zonse zomwe kamera yajambula) kuti mudzathe kukonza mitundu pakompyuta.

Zithunzi zambiri zimawonongekera pa fokasi, kutanthauza kusintha lenzi kuti chithunzi chisaoneke mwachimbuuzi. Mumdima kamera siyitha kudzipezera fokasi yokha, ndipo chizindikiro cha kutali kwambiri cholembedwa pa lenzi nthawi zambiri sichilondola. Zimitsani fokasi yodziyendera, lozani nyenyezi yowala kwambiri, ikulitseni pa sikirini, kenako potozani lenzi pang'onopang'ono. Nyenyeziyo iyamba ngati kadontho kofufuma, ichepa mpaka kukhala kansonga ka singano, ndipo mukapitirira ifufumanso. Bwererani pomwe inachepetsetsa, mumate lenziyo ndi tepi kuti magolovesi asaisunthe.

Nthawi yotsegula shutter (kachitseko kolola kuwala kulowa m'kamera) ndiyo imafuna nzeru, chifukwa aurora sakhala malo amodzi. Akamaoneka ngati uta wofooka wotambalala chakumpoto, masekondi 10 mpaka 15 ndi abwino. Koma akayamba kuvina, mizere yake ikuthamanga ndi kupindika, masekondi 15 amasakaniza zonse n'kusiya chifunga chobiriwira chopanda maonekedwe. Pamenepo tsikirani pa masekondi 2 mpaka 4, ndipo chithunzi chikada kwezani ISO. Kwa ine, chithunzi chokhala ndi timadontho ta ISO yokwera koma mizere yake ikuoneka bwino n'choposa chosalala chimene chafafaniza mizereyo. Gwiritsani ntchito kachedwetsa ka masekondi 2 kuti chala chisagwedeze kamera, ndipo m'munsi mwa chithunzi mukhale phiri, nyumba kapena nyanja yosonyeza kukula kwa thambolo.

Musadabwe kamera ikaonetsa mtundu wobiriwira kwambiri pamene maso anu akuona zotuwa ngati utsi. Maso a munthu sazindikira bwino mitundu mumdima, ndipo amatenga mphindi 20 mpaka 30 kuti azolowere, n'chifukwa chake tochi yofiira ndi yabwino kuposa yoyera. Chepetsaninso kuwala kwa sikirini, chifukwa usiku imanamiza kuti chithunzi chawala mokwanira.

Luso lonseli mungaliphunzire musanakwere ndege. M'miyezi ya Juni mpaka Ogasiti, pakati pa Mlalang'amba pamakwera pamwamba kwambiri kwa amene ali ku Malawi kapena ku Zambia, makamaka masiku amene kulibe mwezi. Pojambula nyenyezi, gawani 500 ndi mamilimita a lenzi yanu kuti mupeze masekondi otsegulira shutter: ya mamilimita 20 ikupatsani masekondi 25 pa kamera ya sensa (kachipangizo kolandira kuwala) yaikulu, ndipo mukapitirira pamenepo nyenyezi zimayamba kukoka timichira chifukwa dziko likuzungulira.

Kumpoto kuja kuzizira kumamaliza batire msanga, choncho sungani ena m'thumba la mkati, pafupi ndi thupi. Mukamaliza, tulutsani memori khadi, ikani kamera m'jumbo yapulasitiki yotsekeka muli panja pomwepo, ndipo mukalowa m'nyumba yofunda musaitsegule mpaka itafunda, apo ayi chinyontho chidzaundana pa lenzi ndi m'kati mwa kamera.