Mavu ogwira nyenje akakumba pakhomo panu ku America, chitani izi

Ndinakumana nawo koyamba mu July 2020, kuseri kwa nyumba imene timachita lendi kuno ku South Bend, m'chigawo cha Indiana. Ndikuyanika zovala ndinangomva kuti vuu pafupi ndi khutu, kutembenuka ndikuona chimavu chotalika ngati chala changa, chakuda cha mizere yachikasu, mapiko ofiirira. Chaka chimenecho nkhani inali ponseponse ya mavu akuluakulu ochokera ku Asia amene anapezeka m'chigawo cha Washington kumapeto kwa 2019, ndiye ine ndinangoti basi, afika. Ndinalowetsa ana m'nyumba, n'kuwiritsa madzi mu ketulo, kukathira pa una umene ndinauona pafupi ndi masitepe. Kapinga anapsa malo aakulu ngati mbale, mwini nyumba anandidandaulira, koma mavu m'mawa mwake anali pomwepo akuuluka ngati palibe chachitika.

Amenewa Azungu amawatchula cicada killer, asayansi amati Sphecius speciosus. Si a ku Asia aja, ndi mavu a konkuno, amapezeka kum'mawa kwa mapiri a Rocky mpaka kutsikira ku Mexico. Chakudya cha ana awo ndi nyenje. Inde, nyenje ngati zomwe zimatisokosa kwathu mu October dzuwa likamaswa mtengo, zimene tinkagwira ndi ulimbo tili ana. Kuno zimalira mu July ndi August, ndipo mavuwa amatuluka m'nthaka nthawi yomweyo.

Musanachite chilichonse, khalani pakhonde mphindi khumi muziyang'ana unawo. Una wa mavu ogwira nyenje ndi waukulu moti chala chitha kulowa, pakhomo pake pamakhala mulu wa dothi lofewa lokhala ndi kangalande pakati, ngati wina wakokapo chala. Amene amalowa ndi kutuluka ndi mmodzi yekha, mayi mwini una. Mauna akhoza kukhala khumi kapena makumi awiri pamalo amodzi, koma uliwonse uli ndi mwini wake, palibe mfumukazi, palibe asilikali olondera. Koma mukaona timavu ting'onoting'ono tachikasu kwambiri tikulowa ndi kutuluka tambirimbiri pa dzenje limodzi, chokanipo. Amenewo ndi ma yellowjacket, amaluma gulu, ndipo zimene ndikulemba pano sizikuwakhudza. Aitanireni odziwa ntchitoyo. Ngati mukukayika, jambulani chithunzi mukawaonetse a ofesi ya zaulimi ya m'dera lanu. Kuno ku Indiana ndi a Purdue Extension.

Amene amakuzungulirani kumaso aja ndi aamuna. Amatuluka msanga kuposa aakazi, aliyense n'kudzigawira kadera kake kodikirira mkazi, ndipo chilichonse chodutsa amachithamangira: mavu anzake, gulugufe, galu, inu. Koma alibe mbola. Ndi matama chabe. Mwana wanga wamwamuna atamva zimenezi anayamba kumaponya timiyala m'mwamba kuti aziona akutithamangitsa. Aakazi mbola ali nayo, yaikulu ndithu, koma ntchito yake ndi ya nyenje. Munthu amamuluma pokhapokha wawaponda opanda nsapato kapena wawafumbata m'manja. Choncho lamulo la pakhomo panga ndi limodzi: July ndi August, kuseri kulibe kuyenda opanda nsapato. Ngati m'banja mwanu muli wina amene amatupa kapena kubanika akalumidwa ndi njuchi, pamenepo musachite masewera, mankhwala ake azikhala pafupi. Galu wokonda kuwakha ntchentche ndi pakamwa mumusunge kutsogolo.

Ndikanakonda aliyense ataonako kamodzi mayiyu akubwera ndi katundu wake. Amapita mumtengo, n'kuibaya nyenje mbola. Siifa, imangouma ziwalo. Kenaka amaitembenuza chagada, kuikumbatira ndi miyendo, n'kuuluka nayo. Nyenjeyo imatha kulemera kuposa iye kuwirikiza kawiri, ndiye ulendo wake umakhala wongotsetsereka. Tsiku lina ndinamuona atagwera pa simenti, patali ndi una wake. Anaikoka nyenjeyo mpaka pa mtengo wa mapulo, kukwera nayo pang'onopang'ono ngati munthu wokankha njinga ya makala pachitunda, atafika pamwamba n'kudziponyanso. Kachiwiri anatera pakhomo penipeni, n'kulowa nayo osaima. Tiyi wanga anazizira ndili chiimire.

Pansipo una umalowa masentimita 25 mpaka 50, ndipo uli ndi tizipinda tingapo, nthawi zina topitirira khumi. Dothi amalimasula ndi zibwano n'kumalikankhira kunja ndi miyendo yakumbuyo, akubwerera chambuyo, n'chifukwa chake pamakhala kangalande kaja. M'kachipinda kalikonse amaikamo nyenje, kuikira dzira limodzi, n'kutseka. Dzira la mwana wamwamuna amalisiyira nyenje imodzi, la wamkazi ziwiri kapena zitatu, chifukwa wamkazi amakula kwambiri. Pakapita masiku ochepa mphutsi imaswa, imadya nyenje ija kwa milungu pafupifupi iwiri, kenaka imadzikulunga m'chikwa n'kugona pansi pomwepo nyengo yonse yachisanu. Makolo onse amakhala atafa pofika pakati pa September. Akuluakuluwo nyenje sadya, amamwa timadzi ta m'maluwa ndi ta m'mitengo.

Apa ndi pamene ndinamvetsa chifukwa chake ketulo yanga inalephera. Amene mukuwaona lero ndi a milungu yochepa, koma a chaka chamawa ali kale pansi. Ndipo chimene chinawakoka si nyumba yanu, ndi dothi: lamchenga, louma, lowombedwa dzuwa, la kapinga wapatalipatali, pafupi ndi mitengo ya nyenje. M'mphepete mwa simenti ndi pansi pa masitepe ndiye amakondapo kwambiri.

Ngati mukufuna achoke, sinthani dothilo. Mukangoona aamuna oyamba kumayambiriro kwa July, yambani kuthirira malowo ndi payipi, madzi okwanira kuti dothi lizikhala lonyowa. Mayi safuna kukumba m'matope, amapita kwina. Makina otchetchera kapinga muwakweze, udzu uzitsala masentimita 8 kapena kuposerapo. Ine ndinkameta mpala poganiza kuti ndiye ukhondo, monga timasesera bwalo kwathu mpaka kuwala, osadziwa kuti ndikuwayalira mphasa. Mu September fesani mbewu ya kapinga pamalo onse a dazi, thirani manyowa, kuti pofika chilimwe chinacho pakhale pothithikana. M'mabedi a maluwa yalani makungwa ogaya aja amagulitsa m'matumba, mokhuthala ngati chikhatho. Bokosi la mchenga loseweretsa ana muzilivundikira.

Musayembekeze kuti atha chaka chimodzi. Kwanga chaka chotsatira anachepa, koma anatuluka ndithu, chifukwa zikwa zinali kale m'nthaka.

Pali ena amatenga chomenyera tenisi n'kumawagwetsa mmodzimmodzi. Zimatheka, koma ambiri amene mungaphe ndi aamuna opanda mbola aja. Mankhwala aufa othira pa una aliponso m'masitolo, amathira madzulo mayi atalowa. Ine sindiwalimbikitsa pokhapokha mauna achuluka mpaka kufukula njerwa za panjira, kapena pali munthu wotupa akalumidwa uja ndanena. Mukatero tsatirani zolembedwa pa botolo, ndipo ngati nyumba ndi ya lendi yambani mwauza mwini wake. Petulo ayi, chonde. Ndamvapo anzathu akulangizana zimenezo pa WhatsApp. Amawononga dothi, ndipo nyumba zambiri kuno ndi zamatabwa.

Panopa ndinawasiyira kachigawo ka kumpanda, kumene sikufika payipi. Chaka chino ndinawerengako mauna anayi. Mlamu wanga atabwera kudzacheza kuchokera ku Indianapolis anaona mmodzi akukoka nyenje yonenepa pa udzu, ndipo m'malo mothawa anandifunsa kuti, "Alamu, nanga nyenje za kuno zimadyedwa?"